Mabuleki a Bambo Kafibeti

A Cuthbert Alufandika, amene Matawale yense, kuno ku Zomba, amawadziwa kuti a Kafibeti, anasinthitsa mabuleki a galimoto yawo katatu m'miyezi inayi. Atapita kachinayi, makanika wawo a Anderson anakana kugwira sipanala. Anazungulira galimoto ija, nagogoda tayala ndi nsapato, kenako anamuyang'ana mwini wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati munthu wofuna kugula mbuzi.

"Achimwene, galimoto iyi ilibe mlandu. Mabuleki amenewa angaimitse ngakhale sitima. Wofunika kulowa m'galaji ndinuyo."

A Kafibeti anaseka, pakuti kuseka ndiye ankakudziwa, koma kusekako sikunakhalitse.

Munthuyu anagwira chiwongolero kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Anayambira pa malole otsitsa matabwa m'phiri la Zomba, kenako anagula galimoto yoyera ya hayala, imene inatchuka ndi maukwati. Pajatu kuno ukwati sukwana popanda zithunzi za kuphiri. Anthu akangotuluka m'tchalitchi, asanapite ku holo, mdipiti wa magalimoto umakwera mpaka ku damu la Mulunguzi, mahutala ali pokopoko, kuti mkwatibwi akajambulitse ataima pamwala, akunjenjemera ndi kuzizira koma mano ali panja. Akwatibwi amene a Kafibeti anawakweza phiri limenelo, mutawasonkhanitsa, angadzaze mpingo wonse wa amayi.

Zaka ziwiri m'mbuyomo, mnzawo wina anawapempha kuti amutsitsire lole ya matabwa. Pali kona ina potsika, yopindika ngati chigongono, pamene mbali imodzi pali khoma la phiri, mbali inayo phompho, tauni yonse ikuoneka pansi ngati machesi omwazika. Pamenepo phazi lawo linaponda buleki n'kungolowa ngati laponda phala. Anakhotetsera kukhoma. Lole inagona chammbali, matabwa mbwee mumsewu, iwo n'kutulukira pawindo atataya dzino limodzi lokha.

Nkhaniyi anaikamba pa bawo kwa miyezi itatu, ndipo tsiku lililonse lole inkakulirakulira, phompho likuzamirazamira. Anthu ankagwa ndi phwete akafika pa dzino. Ndiye paja chakudza sichiimba ng'oma. Lamulungu lina ali m'tchalitchi, abusa ali pakati pa ulaliki, mtima wawo unangoyamba kugunda ngati ng'oma za beni. Manja ananyowa, khosi linathina, benchi linayamba kupendekeka. Anatsimikiza kuti akufa, ndipo chimene chinawawawa kwambiri n'chakuti afera pa benchi lakumbuyo ngati mlendo. Patapita mphindi khumi chinthucho chinachoka chokha, osatsanzika.

Chinabweranso mumsika, pakati pa ogulitsa anyezi. Chinabweranso akumeta ndevu. Koma kwawo kwenikweni kwa chinthucho kunali pamphambano pamene msewu wa kuphiri umayambira. Akangoloza galimoto kumeneko, mphuno zawo zinkamva fungo la mabuleki opsa pomwe palibe chapsa. Anayamba kukana mahayala a kuphiri. Aliyense ankamuuza kuti mabuleki sali bwino, ndipo kuti bodzalo likhale ndi miyendo, ankapitadi kwa a Anderson.

Kuchipatala anawayeza mtima, magazi, shuga, zonse. Dokotala anati mtima wawo ndi wa mnyamata wosewera mpira, kenako anawalembera kalata yoti akaonane ndi mayi wina wothandiza anthu pa za maganizo. A Kafibeti anathokoza mwaulemu, anaipinda kalatayo kanayi, nakaiika m'Baibulo mwawo pa buku la Habakuku, pamene ankadziwa kuti palibe angaipeze. Musawaweruze msanga. Munthu wobadwira ku Zomba amadziwa chimene anthu a m'maboma ena amatanthauza akamati uyu ngofunika ku Zomba, kuchipatala cha amisala. Iwo eniake anali atanenapo nthabwala imeneyo kambirimbiri.

M'malo mwake anayesa zina. Amayi a mpingo anabwera kudzapemphera, ndipo kunena zoona tsiku limenelo a Kafibeti anapeza mtendere. Anamwa mizu ina ya ku Songani imene inawathamangitsira kuchimbudzi masiku awiri osakhudza mtima n'komwe. Anagula kamakina koyezera kuthamanga kwa magazi, nakasunga m'galimoto, n'kumadziyeza paliponse pamene aima, mpaka mkono unayamba kudandaula.

Zikanapitirira choncho pakanapanda Rosebell, mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo. Iye anapeza mwamuna, mphunzitsi wina wofatsa dzina lake Blaise, ndipo ukwati anauika mu Ogasiti. Pa msonkhano wa komiti, atafika pa nkhani ya galimoto ya mkwatibwi, Rosebell anati pamenepo palibe chokambirana, woyendetsa ndi adadi. Kuyambira ali sitandade thuu, ndiye ankamanga maliboni pa galimoto yoyera ija Loweruka lililonse, akunena kuti tsiku lake likadzafika adzakhala kumbuyoko, adadi kutsogolo. A Kafibeti anavomera mokweza kuposa wina aliyense. Atatuluka panja anakadziyeza ndi kamakina kaja.

M'mawa mwake akazi awo a Aggie anaika tiyi patebulo, pambali pake n'kuikapo kalata ija, itawongoledwa bwinobwino ngati yasitidwa.

"Bambo a Rose, Habakuku ndimawerenga."

Iwo anayamba kufotokoza kuti madokotala a masiku ano ndi ana, koma mayiwo sanawalole kumaliza. Anati kwatsala miyezi inayi, ndipo iwo sadzaima pamaso pa mwana wawo kumuuza kuti mabuleki avuta. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati akuchita manyazi, avale chipewa.

Anavaladi chipewa. Lachitatu lotsatira anaimika galimoto kutali, pafupi ndi ogulitsa makala, nayenda wapansi mozungulira ngati munthu amene akungowongola miyendo. Ankayembekezera chipinda cha zitsulo m'mawindo ndi jakisoni wamkulu ngati wa ng'ombe. Anapeza mipando iwiri, kalendala ya chaka chatha, ndi mayi wachitsikana wa mpango kumutu, amene anati dzina lake ndi Zuleka.

A Kafibeti anachita chimene ankachidziwa. Anakamba nkhani ya lole monga ankaikambira pa bawo, ndi manja omwe, ndi kulira kwa injini komwe. Atafika pa dzino anaima kudikira phwete. Mayi Zuleka anangomwetulira pang'ono.

"Bambo Alufandika, pamene phazi linalowa paja, munaona chiyani?"

Funso limeneli palibe anali atawafunsapo. Anatembenukira ku kalendala ija. Kenako ananena, ndi mawu amene sanawazindikire kuti ndi awo, kuti anaona Rose atavala zakuda.

Tsiku limenelo anamva dzina la chinthu chija. Mayi Zuleka anati ndi matenda a nkhawa, ndipo anthu ambiri amene amakhala pampando umenewo amabwera ndi omwewo, aphunzitsi, apolisi, ana a ku koleji. Si misala, si mtima. Anati m'thupi la munthu muli mlonda amene ntchito yake ndi kuimba wezulo pakabwera ngozi. Pa kona paja mlondayo anagwira ntchito yake bwino, mwina ndiye anawapulumutsa. Koma kuchokera tsiku limenelo sanagonenso, akungoimba wezulo ngakhale padutse mphaka. Mankhwala alipo kwa amene akufunika, ndipo zikavuta adzakambirana ndi dokotala, koma iye ankafuna ayambe ndi kumuphunzitsanso mlondayo. A Kafibeti anafunsa ngati sizingatheke kungomuchotsa ntchito. Mayiyo anati dalaivala wopanda mantha iye sangakwere galimoto yake.

Ntchitoyo inali yochititsa manyazi, tisabise. Mayi Zuleka anawapatsa kope loti azilembamo mantha awo ndi manambala, kuyambira ziro mpaka teni. Anawathamangitsa pa masitepe kuti mtima ugunde dala. Anawapumitsa kudzera m'kapaipi komwera zakumwa kuti amve kubanika. Anawakhazika pampando wozungulira wa mu ofesi n'kuwazunguza mpaka chizungulire, bambo wa zaka makumi asanu ndi zinayi, mkulu wa mpingo, taye ili lendelende. Akatero ankawauza kuti angokhala, asachite kanthu, aone chimene chichitike. Ndipo nthawi zonse chimene chinkachitika n'chakuti palibe. Mtima unkakwera, n'kuima pamwamba kanthawi, n'kutsika wokha ngati mwana amene walira n'kuona kuti palibe akumunyengerera. Kamakina kaja mayi Zuleka anakapempha kuti kazigona m'kabati ya mu ofesi, ndipo a Kafibeti anakapereka ngati akupereka mwana kwa eni ake.

Kenako anagawa msewu wa kuphiri m'zidutswa zisanu ndi zitatu. Sabata yoyamba, kukaima pamphambano paja injini ikulira, mpaka nambala itsike. Yachiwiri, kukwera ndi kutsika ali pampando wa pasinjala, a Anderson akuyendetsa. Yachitatu, kuyendetsa okha mpaka pamene amayi osenza nkhuni amapumira, osapitirira. Choncho pang'onopang'ono, chidutswa chilichonse kuchibwereza mpaka chitawatopetsa. A Anderson, amene anafunika kuuzidwa zoona, sanaseke monga a Kafibeti ankaopera. Anangoti anadziwa kalekale, ndipo anali atatopa kumasula zinthu zabwinobwino.

Zitatu zoyambazo zinayenda bwino, ndipo kuyenda bwinoko ndi kumene kunawapweteketsa. Anayamba kudzifunsa kuti munthu amene anatsitsa malole m'phiri limeneli mayi Zuleka asanamere mano, angamayende ngati mwana wophunzira kukwawa? Lolemba lina m'mawa, osauza munthu, anakwera phiri lonse okha mpaka ku damu. Kukwera sikunavute. Anagula ngakhale kambale ka zipatso za sitiroberi kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, koti akaonetse kunyumba ngati mbendera.

Potsika, mitengo ya paini itangoyamba kutseguka n'kuonetsa tauni pansi, mlonda uja anaimba wezulo. Phazi lawo linapita pa buleki n'kukhazikika pomwepo. Anaponda, naponda, kona iliyonse, ngakhale powongoka, galimoto ikukwawa, mpaka fungo linayamba kulowa pawindo. Ulendo uno silinali la m'mutu. Mabuleki anali akupsadi. Anaimika galimoto pambali, kona ya chigongono ili patsogolo pawo, anatuluka, nakhala pamwala mutu uli pakati pa maondo. Anyani awiri anabwera kudzaona, mmodzi n'kulowa m'galimoto kutenga sitiroberi zija. A Kafibeti anatsika phiri wapansi, kumbuyo kwa amayi osenza nkhuni.

A Anderson atakaitenga galimotoyo anabwera atakwiyadi. Anati zimene achita ndi za munthu amene wagula layisensi dzulo. Ndani amatsika Zomba ndi buleki?

Lachitatu a Kafibeti anafuna kujomba, koma a Aggie anali atasita kale malaya. Anaulula zonse atayang'ana pansi, namaliza ndi kunena kuti ndi bwino angopeza dalaivala wina, nthawi yatha, kwatsala masabata asanu ndi awiri. Mayi Zuleka sanawadzudzule. Anati iye sadziwa kuyendetsa ngakhale njinga, ndiye amufotokozere: ngati buleki ndi yoimitsira galimoto, kuiponda kwambiri kwalakwika pati?

Apa ndiye a Kafibeti anawongoka pampando, chifukwa munthu ukamufunsa za ntchito yake amachira theka. Anafotokoza kuti buleki ukaikakamira pamtsetse wautali imatentha, ikatentha imaleka kugwira, ndipo amene akuiponda kwambiri chifukwa cha mantha ndi amene imamuthawa. Phiri umatsika ndi giya. Umaika yachiwiri pamwamba pomwe, usanayambe kutsetsereka, n'kuisiya injini igwire galimoto. Imalira moipa, ngati ikufuna kuphulika, anthu osadziwa amachita mantha, koma kulirako ndiye kugwira kwake. Iwe ntchito yako ndi chiwongolero, buleki kungoikhudza pang'ono pofunika.

"Ndiye ikamalira choncho, simuizimitsa?"

"Ayi, mayi. Mumaisiya ilire. Mukamalimbana nayo ndiye mwadziputira."

A Kafibeti atanena zimenezo, mayi Zuleka analemba kanthu m'kope lake. A Kafibeti anazindikira kuti zaka ziwiri zonsezi phazi lawo linali pa buleki, m'tchalitchi, mumsika, pometa ndevu, kukaniza mtima kuti usagunde, mpaka moyo wonse unayamba kununkha kupsa. Anamuyang'ana mayiyo mokayika, namufunsa ngati zoonadi sadziwa kuyendetsa. Iye anati sadziwadi, koma kufunsa amadziwa.

Anabwerera pa chidutswa chachinayi, pamene anadumphira. Kuthamanga sikufika. Masabata otsalawo anawayenda mwa dongosolo ngati mwana wa sukulu woopa chikwapu, ndipo kona ya chigongono anaidutsa kasanu ndi kamodzi, kanayi ali ndi a Anderson pambali, kawiri okha. Nambala ya m'kope sinafike pa ziro ngakhale kamodzi. Inkazungulira pa folo ndi faifi. Atadandaula, mayi Zuleka anati iye sanalonjeze ziro, analonjeza kuti adzatsika phiri.

Tsiku la ukwati kunacha ndi nkhungu. Galimoto yoyera inamangidwa maliboni ndi ana a achemwali a bambo Kafibeti, popeza mwini ntchitoyo anali akuvekedwa velo. Kutchalitchi zonse zinayenda, abusa anatalikitsa monga mwa nthawi zonse, ndipo cha m'ma leveni mdipiti wa magalimoto asanu ndi anayi unayamba kukwera. Ku damu Rosebell anaima pamwala womwe uja akwatibwi onse amaimapo, akunjenjemera, wojambula akumuuza kuti aseke ngati kukutentha.

Zithunzi zitatha, a Anderson anabwera pambali pa a Kafibeti atavala suti imene inkawakwana zaka khumi zapitazo. Anangotambasula dzanja pang'ono, chobisa, kuti ngati makiyi akufuna kusintha mwini asinthe popanda wina kuona. A Kafibeti analiyang'ana dzanjalo. Kunena zoona linali dzanja lokongola kwambiri limene analionapo chaka chimenecho. Analigwira, nalipatsa moni, makiyi ali m'thumba.

Anaika giya yachiwiri asanachoke pamwamba. Injini inayamba kubuula. Kumbuyo kwawo magalimoto asanu ndi atatu ankaliza mahutala, ena chifukwa cha chimwemwe, ena chifukwa cha njala, pakuti liwiro limene a Kafibeti ankayenda ngakhale wanjinga ya nkhuni akanawapitirira. Nkhungu inang'ambika, tauni n'kuonekera pansi. Pomwepo mlonda anadzuka. Sanabwere ndi faifi wa masiku onse. Tsiku limeneli kumbuyo kunali Rose, atavala zoyera, ndipo mlondayo anaimba wezulo ndi mapapo onse. Manja anaterera pa chiwongolero, phazi linayamba kunyamuka lokha kulowera ku buleki.

Blaise, pofuna kukhala mkamwini wabwino, anayamba kuyamikira kukongola kwa malo. Rosebell anamugwira bondo kuti akhale chete, nasendera kutsogolo mpaka velo inakhudza phewa la bambo ake.

"Adadi, pa teni ili pati?"

A Kafibeti anayang'ana pagalasi. Ndiye kuti a Aggie sanathere pa Habakuku, anawerenganso kope lija n'kumuuza mwana. Anafuna kunena kuti thuu, anafuna kunena nthabwala, koma m'kope muja anali atazolowera kulemba zoona.

"Eyiti, mwanangu."

"Chabwino. Ife tili phee kuno. Ku holo adikira."

Anabweza phazi pansi. Anausiya mtima ugunde mmene ukufunira, injini ilire mmene ikufunira, iwo maso pamsewu. Kona ya chigongono inabwera, khoma mbali iyi, phompho mbali iyo. Anakhudza buleki kamodzi, nakhotetsa, ndipo kona inatsala kumbuyo ngati kona ina iliyonse ya m'dziko muno. Eyiti uja anakhalabe nawo mpaka pamene amayi a nkhuni amapumira, kenako anayamba kutsika yekha, seveni, sikisi, ndipo pofika pamphambano a Kafibeti anazindikira kuti dzanja lawo lili pa hutala, likuimba nawo limodzi ndi anzawo.

Ku holo anafika mochedwa ndi theka la ola, zimene pa ukwati wa ku Zomba ndi kufulumira. Amayi anathamangira mkwatibwi ndi nthungululu. A Aggie anayang'ana amuna awo kamodzi kokha, naona malaya atanyowa mpaka m'chiuno, napita kukatenga ena amene anabwera nawo m'chikwama osauza munthu.

A Kafibeti anatsala atatsamira galimoto. Ankaganiza zoti Lachitatu akanene chiyani, ngati eyiti ndi kupambana kapena kulephera, ndipo anaona kuti akudziwa kale chimene mayi uja adzafunse: mwatsika kapena simunatsike? A Anderson anaimika galimoto yawo kumbuyo, anabwera nagwada ndi suti yawo yothina ija pafupi ndi tayala lakutsogolo. Anaika chikhatho pa chitsulo cha tayalalo, nachisiya pomwepo kanthawi.

"Mabuleki ozizira," anatero, akudzuka ndi kudzipukuta fumbi pa bondo. "Tiyeni tikadye, achimwene. Koma Lolemba musabwere kugalaji, ndilibe nanu ntchito."